Amalume Sakala ndi Magalasi Amene Ndinadzoza

Mwezi watha tinakaika mwala pamanda a amalume anga, a Sakala, chaka chitakwana chimwalirireni. Mkangano unayambira kwa wosema miyala. Iye anatifunsa, pensulo ili kukhutu: "Nilembe chani pasogolo pa zina? Profesa olo Dokotala?" Abale onse anayankhira pamodzi kuti Profesa, pakuti komboni yathu yonse ya Nangongwe inkawaitana choncho, kuyambira amayi ogulitsa tomato mpaka makondakitala a minibasi. Koma ba Anti Neliya, mkazi wawo, anapukusa mutu.

"Lembani Dokotala," anatero. "Mukalemba vinangu azauka uja. Simumuziba?"

Tonse tinaseka. Koma kuseka kwanga sikunapite patali, chifukwa ine ndikudziwa chimene chinawamanitsa uprofesawo. Ndi chala changa ichi, cha mkombaphala, cha kudzanja lamanja. Ndakhala nacho zaka zonsezi osadziwa mlandu wake, ndipo ndinaudziwa mwini wake wa mlandu ataikidwa kale m'manda.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi anga, ndipo anali munthu wa fizikisi. Anaphunzitsa ku yunivesite ku Lusaka mpaka imvi, koma ku Kafue sanasamuke. Agogo anabwera kuno kuchokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo nyumba imene agogowo anasiya, amalume anaikakamira ngati nkhupakupa. Anzawo ankakhala m'nyumba za yunivesite, iwo tsiku ndi tsiku pa msewu wa Lusaka, jekete yabulauni, chikwama chachikopa chomanga chogwirira ndi waya. Udokotala wawo anakautenga kudziko lozizira ali mnyamata. Atabwera nawo, amayi a m'komboni anayamba kuwabweretsera ana otentha thupi. Iwo ankakalipa: "Amai, ine ndine dokotala wa vinthu vosadwala! Yendani ku kiliniki!" Akatero ankavala nsapato n'kuwaperekeza okha mpaka kukilinikiko, akung'ung'udza njira yonse.

Ukawafunsa kuti nanga zinthu zosadwalazo n'ziti, konza pokhala, tiyi wako azizira. Ankati iwo amaphunzira khungu la zinthu. Anthufe timakonda kunena kuti za pamwamba n'zachabe, chenicheni chili m'kati. Amalume ankati limenelo ndi bodza la anthu aulesi. Dzimbiri limayambira pamwamba. Guluu amagwira pamwamba. Dzuwa likagwa pa lata, nkhani yonse yakuti lilowe kapena libwerere imathera pakhungu pomwepo. Ngakhale moni, ankatero, ndi zikhato ziwiri zokhudzana, mafupa a m'kati sadziwana n'komwe.

Ku yunivesite anali ndi makina awo akale, onga mphika waukulu wagalasi wovundikira. Ankapopa mpweya wonse kuti utulukemo, kenako n'kutenthetsa kachitsulo m'katimo mpaka nthunzi yake ikamate pa tizidutswa ta galasi. Kakhungu kamene kankamatapo kanali kopyapyala kwambiri, moti tsitsi la munthu poyerekeza nako ndi chipika. Ankafuna khungu lomwa dzuwa osalibweza, kuti munthu wamba adzatenthetse madzi popanda makala. Ine ndinkangovomera kuti eya, eya, m'mutu muli mbee.

Chimene ndinkamva bwino ndi lamulo lawo la zala. Amalume chilichonse ankachigwira m'mbali: mbale, chithunzi, kapu, mandala awo, ngakhale buledi. Ankati palibe chinthu chauve padziko kuposa chala cha munthu, chifukwa ngakhale uchisambitse katatu mafuta amatulukamo okha ngati kasupe. Ukawapatsira mandala utagwira pagalasi, wayamba nkhondo. Ankawakweza kuwindo n'kukuonetsa chidindo chako ngati wapolisi wagwira mbala.

Nkhondo yawo yaikulu inali ndi ba Anti, ndipo inali ya polishi. Ba Anti khonde lawo linali lofiira psuu, lowala moti nkhuku zinkaterereka. Loweruka lililonse ankagwada ndi burashi, amalume ali chilili pakhomo, manja kumbuyo.

"Neliya, uko si kuyeletsa. Upaka chabe dothi yowala pamwamba pa dothi inangu."

"Nanga alendo bazabwela na maikulosikopu yanu? Chokamponi, mwaponda pamene napukuta!"

Mkangano umenewu unatha zaka makumi anayi, ndipo palibe anagonja. Koma ba Anti atathyoka mkono chaka china, ndinawapeza amalume atagwada pakhondepo ndi burashi, thukuta lili kamukamu. Atandiona anati ndikauza munthu andithamangitsa panyumba.

Ine ndinakakhala kwawo m'zaka zija boma litasintha, zinthu zonse zitayamba kugulitsidwa. Amene analipo akukumbukira. Mafakitale a kuno anayamba kuchotsa anthu ntchito, ena kutsekeratu. Amuna amene ankadutsa m'mawa ndi maovolosi anayamba kukhala pansi pa mitengo kusewera nsolo. Salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, inadzaza msika, maminibasi anachuluka ngati nyerere, ndipo m'makalasi a sukulu Lamlungu lililonse munkabadwa mpingo watsopano. Atate anga anali m'gulu la ochotsedwa, n'chifukwa chake amalume ananditenga. Ku yunivesite nako anzawo ankathawa mmodzimmodzi, uyu ku Botswana, uyu ku Namibia, uyu ku Joni. Amalume anakana. Ankati aliyense akapita, ana a anthu adzaphunzira fizikisi kwa mbuzi.

Mnzawo wapamtima anali ba Mudenda, Mtonga wamtali amene anali fitala, wokonza makina, kufakitale asanamuchotse. Awiriwa pa nsolo ankatukwanana ngati adani, wina kunena mnzake kuti wabisa mwala m'chikhato. Koma makina a amalume akafa, anali ba Mudenda amene ankakwera nawo minibasi, masipanala ali m'thumba la ufa, kukawadzutsa. Zitsulo zosowa ankasula okha. Amalume ankati dzina la ba Mudenda liyenera kulembedwa pa mapepala awo a sayansi, ba Mudenda n'kuyankha kuti pepala sadya, awagulire chibuku basi.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditangobadwa mwatsopano, moto uli lawilawi. Tinkapemphera m'kalasi ina ku Nangongwe konkuno, ndi ba Pasta athu achinyamata ndi sipika imodzi yolira ngati mavu. Amalume anali a mpingo wa makolo, wa nyimbo za m'buku, ndipo ankandiseka. "Dailesi, Mulungu wanu ni gonthi? Nanga vokuwa ni va chani?" Koma sanandiletsepo ngakhale tsiku limodzi. Sipika ija itapsa, anaikonza ndi iwo, akudandaula kuti akudzipalira okha phokoso.

Tsono nkhani ya uprofesa inali motere. Kuti munthu akwere pa mpando umenewo, pamafunika mapepala a kafukufuku osindikizidwa kunja, ndipo amalume ankaperewera pang'ono. Ankafuna ntchito imodzi yaikulu. Anaigwira zaka ziwiri: magetsi kuzima pakati pa ntchito, pampu kufa, ba Mudenda kuidzutsa, kuyambiranso. Pa magalasi onse amene anaphika, abwino anatsala khumi ndi awiri. Koma kuphika kokha sikukwanira, pamafunika kuyeza, ndipo makina oyezera kuno kunalibe. Mwamwayi mnzawo wakale wa kudziko lozizira lija anawalembera kalata kuti abwere milungu isanu ndi umodzi. Kumeneko kunali makina atsopano, a kasingano koyenda pamwamba pa chinthu n'kumafufuza ngati wakhungu ndi ndodo yake, mpaka kujambula timapiri tosaoneka ndi maso. Amalume masiku amenewo ankaimba mluzu posamba, chinthu chimene sitinamvepo.

Ndeke inali ya Lolemba. Lachisanu anabwera nawo magalasiwo kunyumba, m'chitini cha mabisiketi. M'katimo anakonza timipata kuti lililonse liime palokha osakhudza linzake, n'kuikamo timapaketi toyamwa chinyezi, chivundikiro n'kuchimata ndi tepi. Anachinyamula pamiyendo kuchokera ku Lusaka, atakangana ndi kondakitala amene ankafuna kuchiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a kabichi a ku Shimabala. Anachiika pa tebulo m'chipinda chawo chowerengera, n'kutiitana ine ndi ba Anti.

"Ichi chitini," anatero, "ngakhale nyumba ipsye, osagwila. Nizachichotsa neka."

Lamlungu masana anapita kukatsazika ba Mudenda pa nsolo. Ine ndinabwera ndi ba Pasta ndi alongo awiri a kumpingo kudzapempherera ulendo, ba Anti atavomera. Kumpingo kwathu chilichonse chopita paulendo chinkadzozedwa mafuta, ndipo mpaka lero timatero. Ba Pasta anadzoza sutikesi, nsapato, pasipoti, tikiti pakona, ndi mphuthu za chitseko. Tinaimba, tinapemphera, iwo n'kumapita. Ba Anti anatuluka kukawaperekeza.

Ndinatsala ndekha ndi kabotolo ka mafuta m'manja, ndipo mtima unayamba kundivuta. Tadzoza nsapato, koma chenicheni chimene akupitira tachisiya! Nanga mdani akalowera pomwepo? Lamulo la amalume ndinkalikumbukira bwino lomwe, ndipo ndinaganiza kuti ndalimvetsa: vuto ndi zala zauve. Choncho ndinakasamba m'manja ndi sopo, kawiri, mpaka m'zikhadabo. Ndinamatula tepi pang'onopang'ono. Magalasiwo anali okongola, abale, akuda mobiriwira ngati khosi la nkhunda. Ndinaviika chala m'mafuta, n'kukhudza lililonse pakati penipeni, m'dzina la Yesu, kuyambira loyamba mpaka la khumi ndi chiwiri. Sindinadumphe ngakhale limodzi. Ndinamatanso tepi bwinobwino, mtima uli mbee.

M'mawa mwake ndikusita malaya awo, ndinamva akundiitana. Sanakuwe. Amalume amene ankagwedeza malata chifukwa cha chidindo pa mandala, tsiku limenelo anaitana motsitsa, ngati munthu wodwala. Ndinawapeza ataima pawindo, chitini chili chotsekula, galasi limodzi atalipanira m'mbali ndi kachitsulo kawo, akuliyang'anitsa padzuwa.

"Dailesi, wenze watsegula?"

"Ee, ba Ankolo," ndinayankha monyadira. "Nadzoza yonse. Koma osada nkhawa, nenze nasamba kumanja kawili na sopo."

"Yonse?"

"Yonse twelufu."

Anabweza galasilo m'malo mwake. Anakhala pampando, n'kuvula mandala, n'kuwagwira m'mbali monga mwa masiku onse. Ndinayamba kumva fungo la malaya akupsa kuchipinda kwina. Kenako anafunsa:

"Unapemphelela chani, mwana wa mlongo wanga?"

"Kuti muyende bwino, mubwele bwino."

"Basi," anatero. "Nizayenda bwino, nizabwela bwino. Yenda ukaone malaya."

Anapitadi, chitini chili m'khwapa. Anabwera patatha milungu isanu ndi umodzi, ataonda pang'ono, atatigulira ine ndi ba Anti masikafu a ubweya amene ku Kafue kuno alibe ntchito. Ine Lamlungu lotsatira ndinaimirira kutsogolo kwa mpingo kuchitira umboni kuti mafuta agwira ntchito, amalume ayenda pa ndeke n'kubwera amoyo. Anthu anaomba m'manja. Ndikakumbukira zimenezi lero ndimafuna kulowa pansi.

Anabweranso ndi chithunzi chimodzi, chakuda ndi choyera, n'kuchiika m'felemu pamwamba pa tebulo lawo. Chinkaonetsa mizere yokhotakhota, yotsatizana bwino, ngati munda wolimidwa kumene. Nditafunsa anangoti ndi munda wa munthu wina wake. Ine ndinaganiza kuti anaujambula ali mu ndeke, ndipo sindinafunsenso.

Chaka chomwecho pampu ya makina aja inafa imfa yeniyeni. Ba Mudenda anaimasula, anaiyang'ana, n'kuvula chipewa ngati pamaliro. Chitsulo chake sichinapezeke, ndipo panalibe woti n'kuitanitsa china. Amalume anatsala ndi choko ndi bolodi. Anaphunzitsa choncho mpaka kupuma ntchito, akukalipira ana a anthu chifukwa chogwira magalasi a mu labu ngati akugwira vitumbuwa. Ena mwa ana amenewo lero ndi maprofesa kumaiko ena, ndipo mmodzi anabwera pamaliro, ananyamula nawo bokosi akulira ngati mwana. Anthu a ku Nangongwe, poona imvi ndi chikwama chija, anawakweza okha pa udindo. Koma munthu akangoti "Mwachoma bwanji ba Profesa," iwo ankaima pamsewu n'kumukonza: "Dokotala chabe." Tinkati ndi kudzichepetsa, kapena ukali wawo wa masiku onse wofuna chilichonse chikhale m'malo mwake.

Zoona ndinazimva patatha masiku atatu tiwaike amalume m'manda. Tinkalongosola zovala zawo, ine ndi ba Anti, ndipo pansi pa wadiropu ndinapeza chitini chija, tepi yake itauma. Ndinaseka, n'kunena kuti taonani magalasi aja ndinadzoza, aja anayenda bwino. Ba Anti anasiya jekete imene ankapinda.

"Nkhala pansi, Dailesi," anatero. "Uyu munthu ananiletsa kukamba, koma manje kulibe wonikalipila."

Anandiuza zonse. Magalasi aja anafa tsiku lomwe ndinawakhudza. Mafuta analowerera m'kakhungu kaja, ndipo kutsidya kuja atayesa kutsuka ndi mankhwala, khungulo linasupuka pamodzi ndi mafutawo. Pa khumi ndi awiri sipanapulumuke ngakhale limodzi. Milungu yonse ija amalume anaithera kuthandiza mnzawo kuyeza zinthu za eni ake. Pepala lija silinalembedwe, ndipo mwayi wina sunabwerenso.

"Banaziba pamene paja pawindo," anatero ba Anti. "Ine nenze nabapelekeza ku siteshoni. Banankhala pa sutikesi, pamsewu, banthu bapita, bayamba kulila. Zaka zonse izi nabaona bakulila kawili chabe: pa malilo ya amai bao, na tsiku ija."

Ndinafunsa chifukwa chiyani sanandiuze, chifukwa chiyani sananditukwane, kundimenya kumene, kundibweza kwa atate.

"Nenze nafuna kukudya wamoyo ine," anatero ba Anti. "Koma beve banati, uja mwana ukamuuza, azaleka kupemphela, olo azaleka kungena muno mu nyumba. Vonse viwili sibanafune. Banati magalasi nikhoza kupanga yenangu." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Sibanapange."

Ndinalira tsiku limenelo kuposa mmene ndinalirira kumanda. Ndinachita manyazi, ndipo ndisabise, ndinawakwiyiranso. Munthu amene sankatha kusunga mkwiyo wa chidindo chimodzi ngakhale mphindi imodzi, anasunga ichi zaka zonsezi, ine ndikudya naye mbale imodzi, ndikumubweretsera ana anga kuti awanyamule. Anandimana ngakhale mpata wopepesa. Ukwati wanga anandiperekeza ndi iwo, dzanja lomwelo lili m'khwapa mwawo.

Titachoka kumanda mwezi watha, anthu akudya panja, ndinalowa m'chipinda chawo chowerengera. Ba Anti sanasunthe kanthu. Mpando uli pomwe paja, wopendekera kuwindo. Chikwama chomanga ndi waya chili pa msomali. Mandala ali pa tebulo, pambali pa bokosi la choko chimene anabwera nacho popuma ntchito, ndipo chitini cha mabisiketi ba Anti anachibweza pamalo pamene chinali Lamlungu lija. Pansi m'chipindamo ndi simenti yotuwa, chifukwa ndi malo okhawo m'nyumba yonse amene polishi sanaloledwe kulowa. Polishi wofiira amathera pakhomo penipeni, ngati mwadula ndi mpeni, ndipo ngakhale tsopano ba Anti sadutsitsa burashi.

Chithunzi cha munda chija chinali chitapendekeka. Ndinachichotsa pa msomali kuti ndichiwongole, ndipo kumbuyo kwake ndinaona zolemba zawo, timalemba tating'ono towongoka tija ta pensulo. Analemba mizere iwiri yokha. Woyamba unali manambala a makina, amene sindiwamva. Wachiwiri unati: "Chala cha Dailesi, galasi lachisanu ndi chiwiri. Ndinayenda bwino, ndinabwera bwino."

Ndinatembenuza chithunzicho, n'kuyang'ana mizere ija, n'kuyang'ana nsonga ya chala changa. Inali yomweyo, mpaka pamene pamakhota. Zaka zonsezi amalume ankakhala pansi pa chala changa, akuwerenga, akukonza mayeso a ana a anthu.

Pagalasi la felemuyo panali fumbi, ndipo ndinali ndi kansalu m'manja. Sindinapukute. Ndinachikoleka pa msomali wake nditachigwira m'mbali, n'kutuluka, n'kutseka chitseko.